Nsomba za m'thanki zikafika m'nyanja yamchere: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu osunga nsomba zokongola za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi, komanso kwa abale athu amene ntchito yawo ndi kusamalira mathanki otere m'nyumba za mabwana, m'mahotela ndi m'maofesi ku Durban, Cape Town ngakhale ku Britain. Tayamba ndi osavuta.

Kodi mukamati chamoyo ndi chachilendo komanso chowononga mukutanthauza chiyani?

Chachilendo ndi nsomba, chomera kapena kachilombo kamene kafika kumalo osakhala kwawo chifukwa anthu akanyamula. Zambiri zoterezi zimangofa, madzi akazizira kapena chakudya chikasowa. Koma chilipo china mwa apo ndi apo chimene chimapeza kuti kuchilendoko kulibe chochidya, kulibe matenda ake, chakudya ndi mbwee. Chimenecho chimaswana mpaka kulanda malo a eni dera, ndipo ndicho tikuchitcha chowononga.

Amene anaonapo namasupuni pa Shire sakufunika kuwafotokozera zambiri. Kwawo ndi ku South America, ndipo anamwazika m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankakonda duwa lake m'maiwe a pakhomo.

Thanki ili m'nyumba. Nanga nsomba ingafike bwanji kunyanja?

Kawirikawiri imapita m'ndowa, itanyamulidwa ndi mwini wake. Nsombayo yakula kuposa thanki, kapena yayamba kumeza zinzake zodula, kapena mwiniyo akusamuka, mwina wangotopa ndi mtengo wa magetsi ndi mchere. Kuipha akuona kuti ndi nkhanza, ndiye madzulo ena amapita nayo kugombe n'kuitsanulira m'madzi, mtima uli mbee kuti wachita zabwino.

Njira ina ndi madzi otsukira thanki. Akatayidwa mu ngalande ya madzi a mvula, amapita kunyanja osadutsa pothira mankhwala paliponse, atatenga tizidutswa ta ndere, mazira ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Palinso ochita malonda ndi oweta amene amasunga katundu wawo m'zikwere m'nyanja momwemo, zina n'kupulumuka.

Zinachitikapo zenizeni, kapena ndi zongoopseza?

Zinachitika, ndipo nkhani yodziwika kwambiri ndi ya lionfish, nsomba ya mizeremizere yofiira ndi yoyera, ya minga yaitali pamsana. Kwawo ndi ku nyanja za Indian ndi Pacific. Mu 1985 ina inapezeka kufupi ndi Dania Beach ku Florida, mbali ya Atlantic kumene inalibe chifukwa chopezekera. Kwa zaka zingapo zinkangooneka imodziimodzi, anthu osalabadira. Pofika 2000 zinayamba kuoneka ku North Carolina, mu 2004 ku Bahamas, kenako zinadzaza Caribbean yense ndi Gulf of Mexico. Mu 2014 ina inagwidwa ku Brazil.

Asayansi atayeza DNA ya nsombazi anapeza kuti chinamtindi chonsechi chinachokera ku makolo ochepa kwambiri. Mitundu yake ndi iwiri, Pterois volitans ndi Pterois miles, ndipo yoyambayo inkagulitsidwa kwambiri m'masitolo a nsomba za m'thanki ku America. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti gwero lake ndi mathanki a anthu.

Tisanamizire osunga nsomba pa chilichonse. Lionfish imene yafalikira kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, ku Lebanon, Cyprus ndi Turkey kuyambira cha m'ma 2012, inadzera mu ngalande ya Suez kuchokera ku Red Sea.

Ine ndinamva kuti ndi namondwe anaswa thanki ku Florida. Si zoona?

Nkhani imeneyo imati namondwe Andrew wa mu 1992 anaphwanya thanki ya m'mphepete mwa Biscayne Bay, lionfish zisanu ndi imodzi n'kulowa m'nyanja. Inali yongomva kwa ena, ndipo monga taonera pamwambapa, nsombayi inali itaoneka kale zaka zisanu ndi ziwiri namondweyo asanabwere. Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa mlandu umagwera mphepo.

Ku Mozambique ndi ku Durban lionfish iliko. Bwanji kumeneko siwononga?

Kumeneko ndi kwawo. Tinsomba ta kumeneko takhala nayo kuyambira kalekale, timaidziwa, tikaiona timathawa. Ilinso ndi opikisana nayo pa chakudya, tizilombo toidwalitsa ndi zina zoidya ikadali yaing'ono. Ku Atlantic zonsezi n'zochepa kapena kulibiretu.

Muione ikamasaka. Sithamanga. Imayandikira pang'onopang'ono itatambasula zipsepse za m'mbali ngati nkhukundembo yodzitukumula, mpaka kansombako katapanikizika pa thanthwe. Nthawi zina imakapemerera madzi kuchokera m'kamwa kuti katembenuke kuloza mutu kwa iyo, kenako n'kungoti kwapu, kamezedwa kathunthu. Kansomba ka ku Bahamas sikadziwa n'komwe kuti chinthu chokongola chikubwerachi ndi imfa. Akuluakulu ankati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ankanena moyamikira. Mlendo uyu wabwera ndi malumo 18: minga 13 pamsana, iwiri kumimba ndi itatu chakumchira, yonse yaululu. Shaki ndi nsomba zina zazikulu za kumeneko sizinazolowere kuidya.

Kuswana kwake nakonso n'koopsa. M'madzi ofunda yaikazi imaikira masiku angapo alionse chaka chonse, mazira okwana pafupifupi 2 miliyoni pachaka, ndipo mazirawo amayandama n'kutengedwa ndi mafunde kupita kutali.

Kuwononga kwake n'kotani kwenikweni?

Mu 2008, Mark Albins ndi Mark Hixon a ku Oregon State University anafalitsa zimene anapeza ku Bahamas: pa matanthwe ang'onoang'ono pamene anaikapo lionfish imodzi, tiana ta nsomba za kumeneko tinachepa ndi 79 peresenti m'masabata asanu okha poyerekeza ndi pamene panalibe. Kafukufuku wina wa kufupi ndi chilumba cha New Providence anapeza kuti nsomba zimene lionfish imadya zinachepa ndi 65 peresenti m'zaka ziwiri.

Zimene imamezazo si zachabe. Muli tiana ta nsomba zimene asodzi amadalira, muli nsomba zodya ndere zimene zimayeretsa makorali (tizamoyo timene timamanga matanthwe a pansi pa nyanja) kuti asakwiririke, mulinso timene timachotsa tizilombo pa matupi a nsomba zazikulu. Msodzi wa ku Jamaica kapena Belize amene sanaonepo thanki ya galasi ndi amene akulipira.

Ndi nsomba zokha zimene zimachita zimenezi?

Ayi ndithu, ndipo kwa ine nkhani ya ndere ndi yochititsa mantha kuposa ya nsomba, chifukwa ndere palibe amaziganizira. Pali mtundu wobiriwira bwino wokhala ngati nthenga, dzina lake Caulerpa taxifolia. Osunga nsomba ku Ulaya anaukonda chifukwa sufa msanga ndipo umapirira madzi ozizira. Unkasungidwa ku Wilhelma, malo oonetsera nyama a ku Stuttgart, ndipo unagawidwa kumalo ena osungira nsomba. Mu 1984 kachigamba kake ka pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi kanapezeka m'nyanja, pansi penipeni pa nyumba yoonetsera za m'nyanja ya ku Monaco.

Kachigamba kameneko munthu mmodzi akanatha kukazula tsiku limodzi. Sikanazulidwe. Katswiri wa ku yunivesite ya Nice, Alexandre Meinesz, anachenjeza, koma zaka zinatha akuluakulu akukangana za kumene nderezo zinachokera ndi amene ayenera kuchitapo kanthu. Pofika cha m'ma 2000 zinali zitakuta mahekitala pafupifupi 13,000 m'mayiko asanu ndi limodzi: Monaco, France, Italy, Spain, Croatia ndi Tunisia. Kadutswa kochepa ngati chikhadabo, kokodwa pa nangula wa boti kapena mu ukonde, kamamera kwina. Zili ndi poizoni amene amachititsa kuti nsomba zambiri zisazidye, ndipo zimamera pamwamba pa udzu wa pansi pa nyanja wotchedwa Posidonia, momwe nsomba zimaswanirana. M'zaka za pambuyo pake zinayamba kuchepa zokha m'malo ambiri, koma palibe angadzitame kuti ndi iye anazigonjetsa.

Nanga makorali ndi miyala ija amati yamoyo?

Mwala wamoyo ndi chidutswa cha thanthwe chokhala ndi mabakiteriya othandiza kuyeretsa madzi a m'thanki. Vuto lake ndi loti umabwera ndi okwera ulere: nyongolotsi, nkhanu, nkhono, ndere ndi zina zimene ngakhale wogulitsa sakuzidziwa. Mukauponya m'nyanja, mwaponya mudzi wathunthu.

Makorali ofewa nawonso ali ndi mbiri yawo. Mtundu wa Unomia stolonifera, wa ku Indonesia ndi madera oyandikana nako, umakondedwa chifukwa timanja take timatseguka ndi kutsekeka ngati ukupuma. Unaikidwa m'nyanja mosaloledwa ku Venezuela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero wakuta matanthwe ambiri m'dera la Mochima. Makorali a mtundu womwewu anapezekanso ku Pearl Harbor, ku Hawaii.

Zikalowa m'nyanja, zingachotsedwe?

Zikapezeka msanga, mwina. Chitsanzo chake ndi California. Mu June 2000 Caulerpa yomwe ija inapezeka mu Agua Hedionda Lagoon kufupi ndi Carlsbad, kenako ku Huntington Harbour. Anthu a kumeneko anali atamva za Mediterranean, ndipo sanadikire misonkhano ya zaka. Pasanathe masabata atatu osambira pansi pa madzi anali atayamba kuphimba zigamba zonse ndi malona akuda, kutsendereza m'mbali ndi matumba a mchenga, n'kuthira klorini pansi pake. Chilichonse chokhala pansi pa lona chinafa, chabwino ndi choipa chomwe. Kenako anakhala zaka akusakasaka pansi pa madzi a matope, mzere ndi mzere, kufunafuna katsamba kamodzi kotsalira. Analengeza kuti zatha mu 2006, atawononga ndalama zoposa madola 7 miliyoni. Ndalama zonsezo pa madziwe awiri okha.

Za lionfish iwalani, sidzathanso ku Atlantic. Imakhala mpaka pansi pa mamita 300 kumene osambira safikako. Chimene chikuchitika ndi kuichepetsa m'malo osankhidwa. Bungwe loteteza zamoyo za m'nyanja la REEF lakhala likuchititsa mipikisano yoibaya ndi mikondo kuyambira 2009, ndipo pamene amaibaya pafupipafupi nsomba za eni dera zimabwererapo. Akangosiya, nayonso imabwerera. Ndi ntchito ngati kupalira.

Ndikufuna kugula nsomba. Ndifunse chiyani ndisanapereke ndalama?

Funso loyamba, limene anthu ambiri safunsa: ikakula idzafika pati? M'sitolo zonse ndi tiana. Tsiku lina ndinaima pa sitolo ina ndikuyang'ana bambo ndi mwana wake akusirira kansomba koyera ka madontho akuda, kotalika ngati chala, kakuvina m'madzi mutu uli pansi. Mwanayo anakakamira. Wogulitsa anangoti n'kosavuta kusunga, n'kuyamba kukokera thumba la pulasitiki. Kanali ka mtundu wa panther grouper, kamene kakakula kamafika masentimita 70 ndipo kamameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake. Thanki imene bamboyo anaifotokoza ndi manja inali yosakwana ndi mkono womwe. Nsomba za mtundu umenewu zapezekapo kale m'nyanja ya ku Florida, ndipo sizinasambire kuchokera ku Indonesia.

Lionfish nayo imagulitsidwa ili masentimita 5 kapena 8, koma imapitirira 35, ndipo imafuna thanki ya malita 400 kapena kuposa.

Mukatero funsani dzina lake la sayansi, chifukwa mayina a m'sitolo amasinthasintha ndipo simungafufuze bwino za nsomba yosadziwika dzina. Funsani kuti imadya chiyani, imakhala zaka zingati, ndipo ngati inabadwira m'thanki kapena inagwidwa kunyanja. Clownfish zambiri masiku ano n'zoweta, ndipo zoweta zimapirira bwino. Chomaliza, funsani ngati sitoloyo ingailandirenso mukadzalephera. Wogulitsa amene wakwiya ndi funso limeneli, musiyeni ndi nsomba zake.

Yandikulira kale, kapena ndikusamuka. Nditani nayo?

Yambani ndi sitolo imene munagulako. Ambiri amalandira, ena amasinthanitsa ndi katundu. Kukakanika, funsani m'magulu a osunga nsomba, pa Facebook ndi pa WhatsApp alipo ambiri, ndipo nsomba yaulere sichedwa kupeza mwini. Malo akuluakulu oonetsera nsomba mungawafunse, koma musawadalire, nthawi zambiri amakhala odzaza ndipo amaopa matenda. Ku Florida boma lili ndi ndondomeko yolandira ziweto zachilendo popanda kufunsa mafunso kapena kulipiritsa, imene inayamba mu 2006.

Ngati thankiyo ndi ya abwana ndipo akutumani kuti mukataye kunyanja, auzeni mwaulemu kuti m'mayiko ambiri, South Africa ndi Britain omwe, kutaya chamoyo chachilendo m'chilengedwe ndi mlandu, ndipo wogwidwa ndi ndowa m'manja ndi inu.

Zonse zikalephereka, nsombayo iphedwe mosaizunza. Dokotala wa ziweto angathandize, ndipo osunga nsomba ambiri amagwiritsa ntchito mafuta a clove, amene amaigonetsa mpaka kufa. Musaitaye m'chimbudzi ili moyo.

Koma kuipha si nkhanza? Kuimasula si ndiye chifundo?

Chifundo chinapha nkhwali. Nkhwaliyo inanyamula njoka poipulumutsa ku moto wa tchire, njoka n'kukana kutsika.

Taganizirani zimene zimachitikadi. Nsomba zambiri zotayidwa zimafa m'masiku ochepa ndi kuzizira, njala kapena kudyedwa, imfa yowawa kuposa ya mafuta a clove. Zochepa zimene zapulumuka ndi zija tafotokoza pa funso la kuwononga. Palibe mbali imene chifundocho chafikira nsomba. Chimangopeputsa mtima wa mwini ndowa.

Nanga nditaibwezera kunyanja ya kwawo kwenikweni?

Nazonso ayi. M'sitolo ndi m'thanki mwanu yakhala ndi nsomba za m'mayiko ena, ndipo ingatengere matenda kwa anzake a kutchire. Komanso "kwawo" kwa nsomba ndi kochepa kuposa mmene timaganizira. Banggai cardinalfish kwawo ndi tizilumba tochepa ta Banggai ku Indonesia, kumene yachepa chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, mpaka inaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi mu 2007. Koma ochita malonda anaitaya ku Lembeh Strait, m'dziko lomwelo, ndipo kumeneko yaswana ngati mlendo. Nsomba imodzi, kwina ikutha, kwina ikulanda malo.

Madzi akale ndi ndere zodulira ndizitaya bwanji?

Madzi atsanulireni mu sinki kapena m'chimbudzi cholumikizidwa ku mapaipi opita kotsukira zonyansa, osati mu ngalande ya mumsewu. Ngati muli kufupi ndi nyanja, thiranimo kaye Jik pang'ono ndipo adikire. Ndere ndi tizidutswa ta makorali ikani m'thumba la pulasitiki, mangani, sungani mufiriza kwa maola 24 kapena kuposa, kenako tayani m'bini. Miyala ndi mchenga ziume kaye padzuwa mpaka gwa. Izi zikukhudzanso Chaetomorpha, ndere zokhala ngati waya wopotana zimene anthu amagwiritsa ntchito m'malo mwa Caulerpa.

Bwanji maboma osangoletsa malonda amenewa? Kuphunzitsa ogula kumathandizadi?

Kuletsa kulipo. America inaika Caulerpa ya ku Mediterranean pa mndandanda wa zomera zoletsedwa mu 1999, California inaletsa mitundu isanu ndi inayi ya Caulerpa mu 2001, ndipo Florida inaletsa kuitanitsa lionfish zamoyo kuyambira pa 1 August 2014. Taonani zakazo: lamulo lililonse linabwera chinthucho chitalowa kale m'madzi kwinakwake.

Lamulo palokha sililondera sitolo. Ofufuza atayendera masitolo a kummwera kwa California patapita zaka zingapo chiletso chija chitakhazikitsidwa, anapeza pafupifupi theka akugulitsabe Caulerpa, ena mitundu yoletsedwa yomwe. Ambiri sankatha kusiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Pa intaneti ndiye kulibe mlonda. Ndipo ntchito yake ndi yaikulu: kafukufuku wina anawerenga mitundu yoposa 1,800 ya nsomba za m'nyanja yamchere yolowa ku America m'chaka chimodzi, nsomba pafupifupi 11 miliyoni, zambiri zochokera ku Philippines ndi Indonesia. Ndi wa kasitomu uti angazidziwe zonsezo pa bwalo la ndege? Kutsekeratu malondawa kungapwetekenso asodzi osauka a m'mayikowo, a ku Sri Lanka ndi a ku Kenya, amene amadyera pomwepo.

N'chifukwa chake mu 2004 a malonda a ziweto ku America anagwirizana ndi nthambi ya boma ya US Fish and Wildlife Service komanso ndondomeko ya kafukufuku wa za m'nyanja ya Sea Grant kuyambitsa kampeni ya Habitattitude, yoika uthenga wa "musataye" pa matumba onyamulira nsomba ndi m'masitolo. Ku Britain bungwe la amalonda la OATA limafalitsa uthenga wofanana. Maganizo anga ndi akuti uthenga wa pathumba umafika mochedwa, munthu atalipira kale. Malo ake ndi pagalasi la thanki ya m'sitolo, pambali pa mtengo: ikakula imafika apa, imafuna malita akuti, imakhala zaka zakuti. Wogulitsa angataye kasitomala mmodzi kapena awiri, ndipo n'chifukwa chake ambiri salemba. Vuto linanso la maphunziro ndi loti anthu 999 akamvera, mmodzi wosamvayo ndi wokwanira kuyambitsa zonse. Choncho pafunika zonse pamodzi: chiletso pa mitundu yoopsa, uthenga pogula, malo obwezerako nsomba, ndi maso m'madzi.

Ku Malawi kulibe nyanja yamchere. Zikutikhudza pati?

Lionfish singakhale m'nyanja ya Malawi, zimenezo musade nazo nkhawa. Koma malonda a nsomba za m'thanki tili nawo pakati, chifukwa mbuna zathu zili m'masitolo a dziko lonse lapansi, ndipo cholakwa chomwechi chinachitikapo kwathu konkuno. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ogulitsa nsomba kunja anatayira pa chilumba cha Thumbi West, kufupi ndi Cape Maclear, mbuna zogwidwa kumadera ena a nyanjayi monga Likoma. Mbuna sizitalikira matanthwe a kwawo, choncho chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Zobwerazo zinakhazikika, ndipo ina mwa izo, Cynotilapia afra, inayamba kuswana ndi mbuna za pamalopo. Nyanja yake ndi imodzi yomweyo, koma zinali alendo. Malowa lero ali mkati mwa Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaizindikira mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi.

Choncho amene muli ndi thanki ya madzi opanda mchere ku Lilongwe, Blantyre kapena Mangochi, malangizo a pa mafunso a kutaya nsomba ndi kutaya madzi ndi anu omwe.

Ndikaona nsomba yachilendo posambira ndichite chiyani? Nanga lionfish ikandibaya?

Ijambuleni, lembani malo ndi tsiku, ndipo dziwitsani a zausodzi kapena a zachilengedwe a m'dzikolo. Ku Florida Keys nsomba zachilendo zingapo zinagwidwa zisanaswane chifukwa osambira ananena msanga. Kumbukirani kuti lionfish ya ku Sodwana ku South Africa kapena Inhambane ku Mozambique ili kwawo, isiyeni.

Ikakubayani, ndipo osamalira mathanki ndi amene amabayidwa kawirikawiri popukuta galasi, chotsani zidutswa za munga, tsukani bala, ndipo viikani dzanjalo m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa kwa mphindi 30 kapena kuposa. Kutentha kumachepetsa mphamvu ya ululuwo. Ayezi musaikepo. Ululu wake ndi woopsa ndipo dzanja limatupa, koma sukonda kupha munthu. Pitani kuchipatala ndithu, makamaka ngati mukubanika, mukuchita chizungulire kapena bala layamba mafinya. Minga imabayabe ngakhale nsombayo itafa, ndiye poitaya valani magolovesi okhuthala.

Ndi zoona kuti imadyedwa?

Eya. Ululu uli m'minga, osati m'nyama. Asodzi a ku Caribbean amadula mingayo ndi sizasi, n'kuisenga monga nsomba ina iliyonse. Nyama yake ndi yoyera, yofewa, ndipo malesitilanti a ku Florida, Bahamas ndi Cyprus amaiphika. M'madera amene nsomba za m'matanthwe zimakhala ndi poizoni wa ciguatera, funsani kaye eni dera musanadye. Ya m'thanki mwanu yokha musaikazinge, yamwa mankhwala a kopa ndi ena amene sanapangidwire m'mimba mwa munthu.